Ulendo woyamba wokaona malo: tisathamangire ku Italy, tiyambire kum'mawa

Ife a muno mu Ng'ombe tili ndi mwai umene Akatolika ambiri pa dziko lapansi alibe: ku Roma timapita ndi miyendo, ndipo timabwerako nsima ya masana isanapse. Kungoyenda pang'ono tafika kale pakati pa nyumba za mipanda za m'Roma, kumene ambiri a ife tigwira nchito za m'nyumba, za m'maluwa ndi za ulonda. Nthabwala imeneyi ndi yakale, koma kucokera m'caka ca 2025, cimene cinali Caka Coyera ca Jubili, yayamba kuluma pang'ono. Anzathu a m'maparishi a anthu opeza bwino anakwera ndeke kupita ku Roma weniweni wa ku Italy, anabwerako ndi zithunzi m'mafoni ndi makorona odalitsidwa, ndipo lomba m'miphakati yathu funso lili pakamwa pa aliyense: nanga ife tidzatuluka liti kukaona za kwina?

Funsoli ndi labwino ndipo sitifuna kulithira madzi. Munthu amene wakhala zaka 50 akuona msewu umodzimodzi wa fumbi, mpopi umodzimodzi ndi msika umodzimodzi, ali ndi ufulu wolakalaka kukaona zimene manja a anthu ena anamanga, anasema ndi kujambula. Koma ulendo woyamba ufunika kuusamala ngati dzira, cifukwa ukalephereka sipakhalanso waciwiri. Ndalama za amai ogulitsa matimati ndi za abambo okolola matumba 20 a cimanga zikatayika kamodzi, gulu limapasuka, ndipo anthu amene anali kuimbira buku limodzi m'chalichi amaleka ngakhale kupatsana moni.

Za ku Italy tinene mwacidule. Zoona kuli chalichi cacikulu ca Petulo Woyera, kuli denga la Sistine Chapel limene Michelangelo anajambula kucokera mu 1508 kufikira mu 1512, kuli Assisi kwao kwa Francis Woyera, kuli Florence ndi Venice. Koma njira yopita kumeneko idutsa pa visa ya Schengen, imene ifuna mapepala a ku banki, inshuwalansi ndi malo ogona olipiriratu. Idutsanso pa tikiti ya ndeke yokasinthira ku Addis Ababa, Nairobi, Doha kapena Dubai, ndipo mukafika, ngakhale kapu ya tiyi mulipira ndi ma euro. Mlimi wa munda umodzi angagulitse zokolola zonse koma osafika pakati pa mtengo wake. Cina n'cakuti pamene pali cilakolako cacikulu ndi cidziwitso cocepa, pamabwera anthu ovala masuti, onyamula mapepala okongola, olonjeza ulendo wa ku malo oyera wolipira pang'onopang'ono. Ena mwa iwo ndi oona. Ena ofesi yao ili m'cikwama. Wina akabwera ndi lonjezo lotere, yambani mwafunsa ku ofesi ya parishi ngati amudziwa. Safunsa anadya phula.

Maganizo athu ndi awa. Ulendo woyamba ukhale wa pamsewu, wa masiku 6, wolowera kum'mawa kudzera ku Chipata kufikira ku Dedza ndi ku Mua m'dziko la Malawi. Kumeneko cilankhulo ndi cathu comwe, Mzambia safunikira visa, nsima ndi yomweyi, ndipo zokaona si zocepa monga mmene ena aganizira.

Koma basi isanalunjike kum'mawa, tiyambe tayesa miyendo muno mu Lusaka pa Ciweru cimodzi. Ndi angati mwa ife analowapo m'nyumba nambala 394 ku Chilenje, mmene a Kenneth Kaunda anakhala kucokera mu 1960 kufikira mu 1962 akutsogolera nkhondo ya ufulu? Kanyumbako n'kocepa kuposa nyumba zina za muno m'komboni mwathu, ndipo zimenezo pazokha ndi phunziro kwa ana athu. Ndi angati anakwerapo masitepe a Lusaka National Museum pa msewu wa Independence, imene inatsegulidwa mu 1996? Timangoiona pawindo la minibasi, pamodzi ndi cifanizo ca munthu wodula unyolo cimene cinaimikidwa mu 1974. Ku Kabwata Cultural Village pa msewu wa Burma kuli tinyumba tozungulira ta udzu, totsala mwa timene atsamunda anamangira anchito acikuda, ndipo lero mukhala osema ziboliboli. Mu Showgrounds muli nyumba ya zojambula yochedwa ndi dzina la Henry Tayali, katswiri wathu amene anamwalira mu 1987. Tingatsirizire ku Cathedral of the Child Jesus, imene inamangidwa pamalo pamene Papa John Paul II anacitira Misa mu 1989, kenaka n'kukasuzumiranso mwa anzathu a Anglican mu Holy Cross kuti tione mmene kuwala kumalowera m'magalasi a mitundumitundu.

Tsiku limeneli si longosangalala cabe. Ndi mayeso. Tidzadziwa amene amacedwa, amene mawondo amawavuta pa masitepe, amene amasowa akaona salaula, ndiponso ngati msungicuma wathu amalemba malisiti. Tidzaphunziranso kuyang'ana. Ambiri a ife tikafika pa cithunzi timacipatsa msana, n'kujambulitsa, n'kupita. Ngati sitingathe kuima mphindi zisanu patsogolo pa cithunzi cimodzi ku Showgrounds, palibe cifukwa coonongera ndalama ya basi kupita kutali.

Kucoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ulendo wa tsiku lathunthu. Msewu wa Great East ambiri a ife tiudziwa, koma tiudziwa ndi misozi, popita ku maliro, maso ali pansi. Ulendo uno tidzauone bwino: mapiri a Manenekera, mlatho wa Luangwa ndi nsomba zake zouma, nthoci za pa Nyimba, kenaka Petauke, Sinda ndi Katete. Chipata yemweyo ndi tauni yakale. Kale inali kuchedwa Fort Jameson ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira mu 1911, nthawi imene Lusaka anali kasiteshoni cabe ka njanji. Kuyenda pansi ku Down Shops, pakati pa masitolo akale a Amwenye ndi mzikiti, n'kukapemphera mu Cathedral ya St Anne, m'mawa umodzi ukwanira.

Pa malire a Mwami, kucokera mu December 2022 maofesi a maiko onse awiri ali pamalo amodzi, motero sitifunikanso kutsika kawiri. Komabe anthu 30 ndi anthu 30, ndipo mapasipoti ao sadindidwa m'mphindi khumi. Tikangowoloka, pafupi pomwepo pali Kachebere, pamene ansembe a White Fathers anatsegula mishoni mu 1903 ndipo mu 1939 panayamba seminale yaikulu. Ansembe oyamba ambiri a kwathu kum'mawa anaphunzira pansi pa phiri limenelo, nthawi imene malire sanali kuoneka ngati cinthu cacikulu. Pamenepo ndi pasukulu, si pamsika. Tiyenera kulemba kalata pasadakhale, osangotulukira ndi basi pakati pa maphunziro. Lilongwe tingomudutsa. Anakhala likulu mu 1975, ndipo kwa munthu wocokera ku Lusaka ali ngati Lusaka wina. Tidziwa kuti amai adzafuna msika wa zitenje. Tidzawapatsa ola limodzi pobwerera, ndalama za basi zitalipiridwa kale.

Makilomita pafupifupi 85 kumwera kwa Lilongwe kuli Dedza, ndipo m'mapiri ozungulira kumeneko muli zojambula za pamiyala za Chongoni. Malo ake alipo 127, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi, mndandanda womwewo umene pali Roma, Florence ndi Mosi-oa-Tunya wathu. Zojambula zofiira, zambiri za mizere ndi zozungulira, n'za Akafula, alenje amene makolo athu anawapeza m'dziko lino. Zoyera n'za makolo a Acewa, ndipo zikhudza cinamwali ca atsikana, kupempha mvula, maliro ndi nyau. Apa tinene mosabisa: amene ayembekeza zithunzi zonga za pa kalendala adzakhumudwa. Munthu uona cinthu conga buluzi kapena cikopa cotambasula, ndipo popanda wokufotokozera ungati ana anali kusewera ndi phulusa. N'cifukwa cake wotsogolera wa kumaloko ayenera kulipidwa, ndipo anchembere amene tili nao m'gulu akhale patsogolo, pakuti zina za pamwalapo iwo azidziwa kuposa mabuku. Malo amene alendo amapitako kawirikawiri ndi Mphunzi, Chentcherere ndi Namzeze. Tisankhe amodzi, cifukwa pali kukwera phiri. Tisakhudze ndi manja, ndipo mnyamata aliyense wokonda kulemba dzina lake ndi makala asiye khalidwelo ku Ng'ombe. Tikumbukenso kuti zotere kwathu ziliko, ku Mkoma pafupi ndi Katete ndi ku Thandwe pafupi ndi Chipata, kungoti sitizilabadira.

Ku Dedza kumazizira kwambiri. Bulangeti ndi juzi zisatsale.

Mtima wa ulendo wonse ndi Mua. Kucoka pa msewu waukulu pa Masasa, msewu utsetsereka mokhotakhota kufikira ku Golomoti, nyanja ikuonekera patali. Pamenepo pafunika dalaivala wodekha, mabuleki abwino ndi dzuwa, usiku ai. Mishoni ya Mua inatsegulidwa ndi a White Fathers mu 1902 m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wocokera ku Canada amene anthu anamupatsa dzina la Chisale, anayambitsa pamenepo malo a luso ndi cikhalidwe ochedwa KuNgoni. Anasonkhanitsa osema a m'midzi yozungulira, ndipo nchito ya manja ao inafika patali, kufikira m'kachalichi ka bungwe la Missio ku Munich m'dziko la Germany. Mudzaona Amai Maria ali ndi nkhope ya mai wa kumudzi, atumwi onga asodzi a ku nyanja, Njira ya Mtanda yosemedwa pa mitengo ya m'nkhalango zathu zomwezi. Kwa ife amene tinakula tikuona Yesu wa tsitsi la mzindo ndi maso obiriwira pa makhadi a ubatizo, kuima patsogolo pa zosema zimenezi kumagwira mtima mwa njira ina.

Pomwepo pali nyumba yosungiramo zakale yochedwa Chamare, dzina limene anthu anali kuchulira mmishonale wina wakale, Champmartin. Makoma ake akunja ajambulidwa mbiri ya dziko, ndipo mkati mufotokozedwa moyo wa Acewa, Angoni ndi Ayao kucokera pa kubadwa kufikira ku manda. Ndipo muli nkhope za gule wamkulu, mazana angapo, zopacikidwa poyera.

Apa ndiye pali nkhani imene tiyenera kukambirana tisanatolere ngakhale ngwee imodzi. Katekisimu amene makolo athu anaphunzira anali womveka: ubatizo ndi dambwe siziyendera pamodzi. Ku Mua komweko, m'zaka za m'ma 1920, amishonale ndi eni gule analimbana koopsa polimbirana ana, awa akukokera ku sukulu, awa ku dambwe. Gule naye anayankha mwa njira yake, potulutsa zilombo monga Maliya ndi Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Lero pa nthaka yomweyo ya mishoni, zilombo zimenezo zisungidwa ndi kufotokozedwa mwaulemu, ndipo mu 2005 UNESCO inazindikira gule wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia monga cuma ca mtundu wa anthu. Munthu angadabwe kuti zinatembenuka bwanji.

M'basi yathu mudzakhala anthu a mitundu iwiri amene zimenezi zidzawavuta. Oyamba adzati tawatenga kukaona ziwanda ndi ndalama za Akhristu. Aciwiri, amene analowa ku dambwe ali anyamata ku Katete kapena ku Chadiza, adzati zinsinsi za amuna zayalidwa pamaso pa akazi ndi ana, ndipo mwina mtima udzawawawa kuposa oyambawo. Onse awiri tisawaseke. Kwa oyamba tinganene kuti kuona si kulowa, ndipo Eklezia yemwe, kucokera pa Msonkhano Waciwiri wa Vatican kufikira pa Sinodi ya Africa ya 1994, wakhala akutipempha kudziwa bwino miyambo ya makolo kuti tisiyanitse mbeu ndi mankhusu. Ambiri a ife titsutsa gule amene sitimudziwa, ndipo sitidziwa kuti zilombo zambiri zili ndi mwambo wodzudzula ulesi, ciwerewere, umbombo ndi kudzikuza. Si zonse za kumeneko zimene Mkhristu angavomereze, ndipo ife sitinena kuti avomereze. Koma ndi bwino kukana cinthu cimene waciona. Kwa aciwiri tilibe yankho lofulumira, koma kuwauza zoona pasadakhale, kuti amene safuna kulowa m'cipinda cimeneco akhale panja pa mthunzi popanda womunena. Makolo a ana ang'onoang'ono nawonso asankhe okha. Cimene sitifuna n'cakuti mkangano umenewu ubukire pakhomo la Chamare pamaso pa eni malo.

Ku Mua tigoneko masiku awiri. Pali malo ogona alendo, koma gulu lalikulu liyenera kudziwitsiratu. Tsiku lathunthu likhale la kumvetsera, kufunsa ndi kukhala pansi pafupi ndi osema kuona mmene sompho ndi chizulo ziyendera. Musanajambule ndi foni, funsani. Pogula, tisanenerere mtengo ngati tigula kapenta. Cinthu cimene munthu wasema milungu iwiri sicingagulidwe pa mtengo wa mtolo wa nkhuni. Kumeneko ndi ku cigwa, kotentha ndi kwa udzudzu, motero maneti apite nafe. Pobwerera tingadzere ku Salima kuti acinyamata aponde m'madzi a nyanja ku Senga Bay, kenaka Lilongwe, n'kukagona ku Chipata.

Tidziwa kuti ena ayamba kale kufunsa za Zomba ndi Blantyre, ndipo sakulakwa. Zomba anali likulu kufikira mu 1975, ali ndi nyumba zakale za boma m'tsinde mwa phiri ndi nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles. Blantyre anayamba mu 1876 monga mishoni ya Church of Scotland, ndipo kuli Mandala House ya mu 1882 ndi chalichi ca St Michael and All Angels, cimene cinamangidwa kucokera mu 1888 kufikira mu 1891 ndi m'busa David Clement Scott pamodzi ndi amuna a kumaloko amene sanapite ku sukulu ya zomangamanga, ndi njerwa zoumba pomwepo. Amisiri athu a muno oumba mabuloko akanaima pamenepo tsiku lonse kukamwa kuli yasa. Koma kuonjezera mizinda iwiriyi ndi masiku ena atatu, mafuta ena, malo ogona ena. Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Amene amathamanga mizinda isanu m'sabata imodzi amabwerako akudziwa mipando ya basi cabe. Zomba ndi Blantyre akhale a ulendo waciwiri, ndipo kukhalapo kwao kudzatithandiza kuti gulu lisafe tikabwerako.

Tsopano za ndalama, pamene maulendo ambiri amafera. Cilimba ticidziwa, koma ca ulendo cisiyana ndi ca masiku onse cifukwa ndalama ikhala nthawi yaitali m'manja mwa ena. Isasungidwe m'nyumba ya munthu, ngakhale akhale wa Misa ya tsiku ndi tsiku. Ikhale ku banki, osainira atatu, ndipo mwezi uliwonse buku liwerengedwe mokweza pamaso pa onse. Lamulo la wobwerera m'mbuyo lilembedwe poyamba pomwe: ngati wina wagwa m'maliro kapena m'matenda, abwezeredwa zingati, ndipo kufikira liti? Mukacedwa kulemba zimenezi mudzaziweruza ndi mkwiyo. Pa mtengo wa basi ndi malo ogona tionjezepo zimene zimaiwalika: zolipira polowa, wotsogolera, cakudya ndi pogona pa dalaivala, ndi kandalama kapadera ka tayala likaphulika kapena wina akadwala.

Kwa alimi tinena molimba: ndalama yoikiza ya fetereza wa FISP, ya mbeu ndi ya zofunika za ana ku sukulu isalowe m'thumba la ulendo. Kaloba ai. Cilala ca 2024, cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinatiphunzitsa kuti nkhokwe yodzaza caka cino si lonjezo la caka camawa. Ngati zokolola zavuta, ulendo uimitsidwe. Mua wakhalapo kucokera mu 1902 ndipo sathawa. Nthawi yabwino ndi pamene cimanga calowa m'matumba ndipo malipiro afika, koma makasu asanatuluke, monga kuciyambi kwa August pamene ana atsekera. Kumapeto kwa mweziwo kuli mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ndipo malo ogona ku Katete ndi ku Chipata amadzaza. Amene afuna kuphatikiza ziwirizi alipiriretu msanga.

Ku Malawi nakonso ndalama ichedwa kwacha, koma si kwacha yathu. Mu November 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo kumeneko imachulidwa m'masauzande, motero agogo asadzidzimuke akamva mtengo wa botolo la madzi. Sinthani ku banki kapena ku malo ovomerezeka, osati kwa anyamata okupiza mitolo ya ndalama pawindo la basi. M'zaka zapitazi mafuta a galimoto akhala akusowa nthawi zina m'dzikolo, tsono dalaivala adzaze thanki ku Chipata. Mwini basi ationetse ndi maso athu cilolezo cotulukira kunja kwa dziko ndi inshuwalansi ya COMESA yochedwa Yellow Card, ndipo pangano likhale lolembedwa, lonena kuti usiku sitiyenda. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga kapena ma ARV, anyamule okwanira ndi otsalako, m'cikwama ca m'manja osati pa denga la basi.

Cotsala ndi mapepala a munthu aliyense payekha. Reji yokha siwolotsa munthu wa ku Lusaka pa Mwami. Pafunika pasipoti kapena cikalata ca ulendo cocokera ku ofesi ya mapasipoti, ndipo mwana woyenda popanda makolo ake afunika kalata ya cilolezo cao. Zimenezi zimatenga nthawi, ndipo ambiri mwa acikulire athu sanakhalepo ndi pasipoti cibadwire, ena maina a pa reji asiyana ndi a pa khadi la ubatizo. Acinyamata odziwa kulemba mafomu pa foni agawane acikulirewo, aliyense wake. Pa msonkhano wa mphakati wa mwezi uno, aliyense wofuna kupita abwere ndi reji yake kuti tiwerenge amene ali ndi pasipoti ndi amene alibe, ndipo mlembi abwere ndi makalata awiri, ya ku Kachebere ndi ya ku Mua, kuti abambo mfumu asaine asanatumizidwe.